ERR, Postimees, Delfi kapena ma TV a ku Moscow: nkhani za ku Estonia muzizimvera kuti?

Abale anga amene mwangofika kumene ku Tallinn ndi ku Tartu, kaya kudzaphunzira kaya kudzagwira ntchito, funso lanu limakhala limodzi nthawi zonse: nkhani za dziko lino tizimvera kuti? Ndakhala ndikuyankha mmodzimmodzi, lero ndiyankhe onse pamodzi. Ndineneretu kuti mtima wanga uli ku ERR, nyumba youlutsa mawu ya boma, ndipo pali njira ina imene ndinaisungira chakukhosi chifukwa cha zimene inachita kwa mlongo wathu wina.

Muno nkhani zimayenda m'misewu iwiri, wa Chiestonia ndi wa Chirasha. Dzikoli lili ndi anthu opitirira pang'ono 1.3 miliyoni, ndipo pafupifupi mmodzi mwa asanu alionse ndi wa mtundu wa Chirasha. Ku Narva, pamalire penipeni ndi Russia, anthu oposa 90 pa 100 alionse amalankhula Chirasha pakhomo. Ku Lasnamäe, dera la mu Tallinn kumene ambiri a ife timapeza nyumba zotsikirako mtengo, mumamva Chirasha m'basi, m'shopu ndi pamakwerero. Kwa zaka zambiri anthu amenewa ankaonera TV ya PBK, imene inkabweretsa mapulogalamu a Channel One ya ku Russia, pamodzi ndi RTR Planeta ndi NTV Mir. Mu Epulo 2007, boma litayamba ntchito yosamutsa chipilala cha msilikali wa Soviet kuchoka pa Tõnismägi, pakati pa mzinda, kupita kumanda a asilikali, ku Tallinn kunabuka zipolowe, mashopu anaphwanyidwa, mnyamata mmodzi anamwalira. Anthu oyandikana nyumba anamva nkhani ziwiri zosiyana: ena anamva za chipilala chosamutsidwa ndi anthu akuba m'mashopu, ena anamva kuti Estonia yanyoza ngwazi zimene zinagonjetsa Hitler. Mpaka lero mukaifunsa nkhaniyi, yankho limatengera TV imene munthu ankaonera nthawi imeneyo.

ERR ndi nyumba youlutsa mawu ya boma, ndipo ndi yaulere. Ndalama zake zimachokera mu bajeti, choncho simudzavutika ndi zotsatsa malonda kapena kuuzidwa kuti mulipire nkhani itafika pokoma. Ili ndi masamba atatu apaintaneti, la Chiestonia, la Chirasha ndi la Chingerezi, kuphatikizapo Raadio 4 yolankhula Chirasha ndi ETV+, TV ya Chirasha imene inayamba mu Sepitembala 2015, Russia itangolanda Crimea chaka chapitacho. Wina anganene kuti wailesi yodya ndalama za boma singadzudzule boma. Ndi mantha omveka, koma ine ndaona nduna zikufunsidwa mafunso othina pa Aktuaalne kaamera, pulogalamu ya nkhani ya pa TV ya ERR, mpaka kusowa pogwira. Mu 2025 bungwe la Reporters Without Borders linaika Estonia pa nambala 2 padziko lonse pa ufulu wa atolankhani, pambuyo pa Norway.

Vuto la ERR kwa ife lili pa tsamba la Chingerezi. Limasankha nkhani zochepa, ndipo zina zimafika anthu atazikambirana kale. Mukamadalira lokhalo, mumangomva zimene akonzi aganiza kuti mlendo angafune. Ine ndimatsegula la Chiestonia ndi la Chirasha, n'kuuza foni imasulire. Apa m'pamene mumaona zinthu. Sukulu za Chirasha zitayamba kusinthira ku Chiestonia mu Sepitembala 2024, kuyambira ku mkaka, kalasi 1 ndi kalasi 4, mbali ya Chiestonia ndinkaipeza ikukamba za malamulo ndi kuchepa kwa aphunzitsi, pamene mbali ya Chirasha inkapereka mpata waukulu kwa makolo odandaula kuti adzamuthandiza bwanji mwana homuweki m'chinenero chimene iwo eni sakuchidziwa bwino. Palibe amene ananama, koma amene anawerenga mbali imodzi anamva theka la nkhani.

Nyuzipepala ya Postimees ndi tsamba la nkhani la paintaneti la Delfi ndi za anthu abizinesi, zonse zili ndi masamba a Chirasha, ndipo nkhani zawo zazikulu zambiri n'zolipira. Musanaike khadi lanu la kubanki, onetsetsani mtengo wa miyezi yotsatira, chifukwa wa poyamba umakhala wokopa ndipo ndalama zimapitiriza kudulidwa mpaka mutaletsa nokha.

Postimees ndi nkhalakale, mizu yake inayamba mu 1857 ku Pärnu. Mwini wake ndi Margus Linnamäe, wabizinesi amene anathandizapo chipani cha Isamaa ndi ndalama, ndipo mu 2019 atolankhani angapo anachoka pa nyuzipepalayi pakati pa mikangano yokhudza ufulu wawo polemba. Ndimaiwerenga, koma masamba ake a ndemanga ndimawawerenga ndikudziwa zimenezi.

Delfi, ya kampani ya Ekspress Grupp, ndi yachangu, ndipo ili m'banja limodzi ndi nyuzipepala ya Eesti Ekspress, imene imadziwa kufukula zobisika. Koma musatsikire kumunsi kwa nkhani kukawerenga ndemanga za owerenga ngati mukufuna kugona bwino, makamaka nkhaniyo ikakhala ya alendo kapena ya chinenero. Ndemanga za pa Delfi zinafikapo mpaka kukhoti la ku Ulaya loona za ufulu wa anthu, limene mu Juni 2015 linagamula kuti makhoti a Estonia sanalakwitse poilipiritsa kampaniyi ma euro 320 chifukwa cha mawu achipongwe amene owerenga analemba pansi pa nkhani ina. Ngati mukukhala cha ku Jõhvi kapena Kohtla-Järve, onjezani Põhjarannik, nyuzipepala ya m'deralo yotuluka m'zinenero zonse ziwiri.

Tsopano ma TV a ku Moscow ndi zonse zoyenda nawo. Kumapeto kwa Febuluwale 2022, Russia itangoyamba nkhondo yaikulu ku Ukraine, boma la Estonia linaletsa kuulutsa RTR Planeta, NTV Mir, Rossiya 24 ndi ena. Sputnik inali itatseka kale ofesi yake ya ku Tallinn kumapeto kwa 2019. Koma chiletso sichinathetse zonse. Ku Narva mafunde amawoloka mtsinje, kwina anthu ali ndi madishi, timabokosi ta intaneti ndi matchanelo a pa Telegram. Ndimamvetsa chimene agogo a ku Lasnamäe amakondera ma TV amenewa. Masewero ake ndi okoma, nyimbo zake ndi za ubwana wawo, ndipo ETV+ ilibe ndalama zopikisana nawo pa zosangalatsa. Nkhani zimalowa pakati pa zosangalatsazo, munthu ali phee pampando. Pa 9 Meyi 2023, tsiku limene Russia imakumbukira kugonjetsa Hitler, akuluakulu a ku Ivangorod, tauni ya Russia ya kutsidya kwa mtsinje, anaika nsanja ndi zikwangwani zikuluzikulu za kanema m'mbali mwa mtsinje, zoyang'ana ku Narva, kuti anthu a tsidya lino aonere. Izi zinachitika patangopita miyezi yochepa Estonia itachotsa thanki ya T-34 ku Narva pa 16 Ogasiti 2022 n'kuipititsa kumalo osungira zakale za nkhondo ku Viimsi.

Chakukhosi changa chinayamba mu Marichi 2025. Pa 26 mwezi umenewo nyumba ya malamulo ya Riigikogu inasintha malamulo aakulu a dziko, kuti nzika za mayiko a kunja kwa European Union zisamavotenso pa zisankho za makhansala. Cholinga chinali pa nzika za Russia ndi Belarus, koma lamulolo linatikhudza ndi ife amene tili ndi mapasipoti a kwathu ndi chilolezo chokhalitsa. Anthu opanda unzika, amene amapatsidwa mapasipoti otuwa, analoledwa kuvota komaliza mu Okutobala 2025. Lamulo linathera pamenepo: voti basi, silinakhudze chilolezo chokhala m'dziko ngakhale ntchito ya munthu.

Mlongo wathu wina, amene amagwira ntchito pamodzi ndi amayi olankhula Chirasha, anatumiziridwa uthenga wochokera pa tchanelo china cha mtundu wa matchanelo a pa Telegram aja, foni itamasulira. Uthengawo unkati voti ndi chiyambi chabe, chotsatira ndi kulanda zilolezo ndi kuthamangitsa onse osakhala nzika. Anandiimbira usiku mawu akunjenjemera. "Achimwene, ana anga angoyamba kumene kuzolowera sukulu. Tipita kuti ife?" Pamene ndimamuwerengera zimene ERR inalemba, ndime ndi ndime, n'kuti atapereka kale ndalama za lendi ya mwezi umenewo kwa munthu wina wodzitcha mlangizi, amene anamulonjeza kumukonzera mapepala asanayambe kuthamangitsa anthu. Ndalamazo sizinabwerere. Amayi amene anamutumizira uthengawo sindimawaimba mlandu. Nawonso anali ndi mantha enieni, ena a iwo anabadwira muno ndipo anali atangotaya voti imene akhala akuponya kwa zaka zambiri. Amene ndimawakwiyira ndi eni matchanelo osadziwika mayina, amene amatenga chilonda chenicheni cha anthu n'kuchithira tsabola. Salipiritsa kalikonse polowa, koma palibe mkonzi woti mungamulembere, palibe amene adzabwere mawa kudzanena kuti tinalakwitsa. ERR, Postimees ndi Delfi akalakwitsa, dzina la mtolankhani lili pamwamba pa nkhani, ndipo pali bungwe la atolankhani lolandira madandaulo.

Sindikunena kuti mbali ya Chiestonia ilibe banga. Nthawi zina ndimawerenga nkhani yokamba za anthu a ku Narva ngati chiopsezo chabe, popanda kufunsa ngakhale mmodzi wa iwo, ndipo zimandipweteka. Kulemba kotero n'kumene kumakankhira anthu kubwerera ku timabokosi tija.

Ndiye mukandifunsa, yambani ndi ERR, ndipo musaime pa Chingerezi, muzitsegula masamba onse atatu. Ngati mukhalitsa muno ndipo thumba likulola, lipirani Postimees kapena Delfi. Ine ndinasankha ya Delfi chifukwa cha Eesti Ekspress. Uthenga uliwonse wonena za zilolezo, voti kapena kuthamangitsidwa ukakufikani pafoni, musalipire munthu aliyense musanaufufuze pa ERR ndi pa tsamba la apolisi ndi oyang'anira malire, PPA, chifukwa ndi iwo amene amapereka zilolezozo.