Massage gun patapita miyezi: kamfundo ka paphewa kadakalipo

Massage gun yanga, chipangizo cha batire chogunda minofu mofulumira kuti ifewe, ndinaigula nyengo yozizira, pano mvula yagwa kale, choncho ndingathe kunena zimene ndaona osati zimene zinalembedwa pa bokosi.

Ndine telala. Tsiku lonse ndimakhala pa makina osokera nditaweramitsa mutu, ndipo pamwamba pa phewa lamanja, pafupi ndi khosi, pali kamfundo kolimba ngati njere ya nyemba. Ndikakadina ndi chala, ululu sukhala pomwepo ayi. Umakwera m'mbali mwa khosi, n'kudutsa kuseri kwa khutu mpaka kukafika pafupi ndi diso. Madokotala amati malo oterewa ndi trigger point.

Chipangizochi chikugwirabe ntchito. Batire yake yayamba kutha msanga ndipo kamutu kake kofewa kogundira kang'ambika pang'ono, koma mphamvu yake sinachepe. Madzulo ndikachigunditsa paphewa kwa mphindi zochepa, mnofu umafewa ndipo tulo timabwera. Mawa lake masana kamfundo kabwerera pamalo pake. Miyezi yonseyi zakhala zikuyenda chonchi, ndipo n'zimene zinandichititsa kufufuza zimene akatswiri anapeza.

Amene anatchukitsa nkhaniyi ndi Janet Travell, dokotala wa ku America amene ankasamalira msana wa Pulezidenti John F. Kennedy. Mu 1983, iye ndi David Simons anatulutsa buku lalikulu lokhala ndi zithunzi zosonyeza kumene ululu wa mnofu uliwonse umakafika. Chithunzi cha mnofu wa pamwamba pa phewa, wotchedwa trapezius, chikufanana ndendende ndi zimene ndimamva. Mu 2005, Jay Shah ndi anzake a ku National Institutes of Health, bungwe lofufuza za umoyo la ku America, analowetsa kasingano kopyapyala mu mnofu womwewu n'kuyeza madzi ake. Pa malo opweteka anapezapo asidi wambiri komanso zinthu zochuluka zodzutsa ululu, monga substance P. Zimenezi zinandikhazika mtima pansi, chifukwa kunyumba ena ankati n'kutopa chabe.

Komabe si onse akuvomereza. Mu 2015, John Quintner, Geoffrey Bove ndi Milton Cohen analemba m'magazini ya Rheumatology kuti umboni woti timfundoti ndi amene amayambitsa ululu ndi wofooka, ndipo mwina vuto lili m'mitsempha yotumiza mauthenga ku ubongo. Kafukufuku wina wasonyezanso kuti akatswiri awiri akamapapasa munthu mmodzi, nthawi zambiri sagwirizana za pamene pali kamfundo. Ngakhale kubaya ndi singano yopanda mankhwala, kumene dokotala wina dzina lake Karel Lewit anafotokoza mu 1979, phindu lake limaoneka kwambiri pa nthawi yochepa chabe. Ine ndikuona kuti massage gun ili m'gulu lomweli: imatonthoza, koma sichiritsa.

Chimene chasintha zinthu kwa ine sindinachigule. A fiziyo, akatswiri a mafizo a kuchipatala, anandiuza kuti ndikweze mpando kuti zigongono zisamalendewere, ndizidzuka pafupipafupi, ndiponso ndizilimbitsa minofu ya pakati pa mapewa pokoka lamba wa labala. Masabata oyamba sindinaone kanthu. Kenako mutu unasiya kuwawa madzulo alionse, ndipo pano kamfundo kaja kamapweteka ndikasoka mpaka usiku, monga nthawi ya mayunifolomu masukulu akamatsegula.

Chonde, musagunditse chipangizochi kutsogolo kapena m'mbali mwa khosi, mmene mumadutsa mitsempha ikuluikulu ya magazi, kapenanso pa fupa. Ngati mkono ukuchita dzanzi kapena ukufooka, pitani kuchipatala. Singano nayonso isabayidwe ndi munthu wosaphunzira, chifukwa pansi pa mnofu wa paphewa pali mapapo.

Kwa amene ndalama zilipo ndipo akufuna kupuma madzulo, chipangizochi n'chabwino. Koma kwa anzanga osoka, mpira wa tenesi woikidwa mu sokosi umandithandiza mofanana. Ndimautsamira pakhoma, n'kudina pamalo opwetekawo pang'onopang'ono mpaka ululu utatsika, ndipo magetsi akazima sindidandaula za chaja.