Pota pawa ya matani 10 ndaiyesa pa Hilux yakale: imakankha ndithu koma zolembedwa pa bokosi musazimvere zonse

Kwa amene mwakhala mukufunsa ngati jeke ya mapanelo bita ija, imene amaitchula kuti pota pawa, ndi yogula munthu wamba wongokonzera pakhomo, yankho langa ndi loti eya gulani, koma mudziwiretu kuti mukugula pampu ndi ramu (chitsulo chimene chimatuluka nkumakankha mukapopa) basi, zina zodzaza mu bokosimo theka lake ndi zongokometsera. Yanga ndinagula pa hadiweya ina ku Lilongwe, ndi za ku China zija zofiira zobwera mu bokosi lapulasitiki, ndipo mtengo wake sunafike olo theka la ndalama imene pa garaja anandiuza kuti ndilipire kungowongola kokha galimoto yanga penti osawerengera.

Galimoto yake ndi Hilux singo kabu ya dizilo, injini ya 2L, mtundu uja unayamba kutuluka 1988 mpaka cha mma 1997. Lole ya mchenga pobwerera mmbuyo inadzaigunda kumanzere, mbali ya pasenja, pomwe pali mahinje a chitseko. Pila yakutsogolo (mzati wachitsulo wogwira denga) inalowa mkati, chitseko chinasiya kutsekeka, denga pakona linachita kakhwinya ndipo galasi lakutsogolo linang'aluka. Chesisi sinakhudzidwe, ndipo ichi nde chinandilimbitsa mtima, chifukwa ma pikapu amenewa kebini imangokhala pamwamba pa chesisi yomangidwa ndi mabawuti ndi ma raba, nde ngati chesisi ili bwino ntchito yonse ili pa malata.

Mu bokosi mumapezeka pampu yopopa ndi dzanja, hozi, ramu, mapaipi owonjezera kutalika osiyanasiyana, mutu wa raba, phazi lafulati, kachitsulo kooneka ngati V, ndi kaja kotsegula kukamwa kolowetsa mmalo mopanikizika. Pampu ndi ramu ndilibe nazo mawu. Magetsi sizifuna, nde olo athime tsiku lonse ntchito siima, ndipo ubwino wake weniweni ndi woti mumakankha pang'onopang'ono, kupopa kamodzi nkuima nkuyang'ana, zimene jeke wamba ya botolo singakupatseni chifukwa yambiri ikagona chammbali imakana kupopa. Ramu imatuluka pafupifupi 15 cm, zokwanira pa ntchito ya chitseko.

Tsono nkhani ya matani 10 ija. Mphamvu imeneyo ndi ya ramu yokhayokha, yopanda paipi iliyonse. Mukangolumikiza paipi mphamvu yololedwa imatsika kwambiri, mukawonjezera ina imatsikanso, ndipo kuti mudutse pakhomo la chitseko kuchokera pansi pa pila yakumbuyo kufika pa yakutsogolo mufunika mapaipi angapo. Apa nde pomwe seti yotchipayi imaonekera kutchipa kwake, molumikizira mwake ndi mogwedera, mukapopa mwamphamvu mzere wonse umayamba kupinda pakati mukuona ndi maso. Zikafika apo imani, tsitsani presha, ndipo musamaime moyang'anizana nazo chifukwa zikafwamphuka zimauluka zenizeni. Kokhala ngati kukamwa kwa bakha kaja nkongokwana theka la tani, kanga kanayamba kudontha oyilo sikanagwire ntchito yooneka. Mutu wa raba unang'ambikanso msanga, ndinangoika kathabwa mmalo mwake.

Koma zoona zake, kebini ya galimoto ngati iyi siifuna matani 10. Malata ake ndi opyapyala, sakwana olo 1 mm mmalo ambiri, pila nde yolimbirapo chifukwa ndi malata angapo ophatikiza. Vuto si mphamvu ayi, vuto ndi loti jeke imakankha mbali zonse ziwiri mofanana. Inu maso ali pa pila yopindikayo pomwe kumbuyoku phazi la ramu likubowola pansi pa kebini kapena likukankha pila yabwinobwino. Pepala la malangizo la mu bokosi silinena chilichonse pa zimenezi, ndi tsamba limodzi lachingerezi chokhotakhota ndi zithunzi zosaoneka. Muyenera kuyala thabwa lokhuthala, la mlombwa kapena la bulugamu louma, kuti mphamvu imwazikane pamalo aakulu, ndipo poponderapo pakhale pakona pomwe pansi pakumana ndi pila osati pakati pa lata.

Chida chimene chinagwira ntchito yaikulu kuposa jekeyo ndi tepi yoyezera, ndikunena zoona. Mbali yakumanja inali yabwino nde ndinayeza pakhomo la chitseko cha dalaivala mopingasa, kona yapamwamba kufika kona yapansi, uku ndi uku, nkulemba manambala pa katoni, kenako kumakankha kumanzere mpaka manambala afanane. Pa windo lakutsogolo chimodzimodzi, muyeso wopingasa uwiriwo uyenera kufanana apo ayi galasi latsopano silikhala, kapena likhala mokakamiza nkudzang'aluka pa bampu yoyamba. Galasi losweka lija chotsanitu musanayambe kupopa, mpando ndi kapeti nazonso zituluke, dashibodi mumasule mbali imeneyo.

Mkulu wina amene wakhala akuwongola magalimoto zaka zambiri anabwera kudzaona, ndipo anandiuza mawu amene ndaona kuti ndi oona: pamene panapindika pomaliza ndi pomwe mumayambira, pamene lole inagunda penipeni mumamalizira. Anthu ambiri amathamangira kumenya hamala pa chibowo chachikulu chooneka, lata nkutambasuka, kenako likumangoti phwa phwa mukalidina ngati chitini cha mafuta chopanda kanthu. Iwo anati "mwana wanga, jeke igwire kaye, iwe uzimenya pang'onopang'ono mmakwinya mozungulira, chitsulo chibwerera chokha." Nde mumapopa, presha ili pomwepo mukugogoda makwinya ndi hamala yaing'ono, mukamasula chitsulo chimabwererako pang'ono, choncho mumapitirira muyeso pang'ono pokha kuti chikabwerera chikhale pamalo pake. Kakhwinya ka padenga kaja kanachoka kokha pila itabwerera, sindinakakhudze nkomwe.

Chitseko ndinakagula china chakale kwa ogulitsa masipeya a magalimoto ophwasula, chifukwa chija chinali chitapindika mpaka mkati mwa makina okwezera galasi. Apa Hilux imasangalatsa, zitseko zake sizisowa. Ndipo chitseko chabwinocho chimasanduka choyezera chanu, mumachimanga pa mahinje nkuona mpata wake kuzungulira konse, ngati pamwamba pakupsompsona pomwe pansi mukulowa chala ndiye kuti pila sinafike. Muonenso ma raba a pansi pa kebini, kwathu bawuti imodzi inapindika ndipo kebini inasunthira kumanja pang'ono, mukanaiona kumbuyo sinkalondolana ndi bodi yonyamulira katundu. Zimenezo jeke siikonza, ndi kumasula mabawuti onse, kusuntha kebini, kuika bawuti yatsopano.

Za oyilo. Yanga inabwera ndi oyilo wochepa komanso mpweya mkati, ramu imatuluka modumphadumpha. Thirani oyilo wa jeke wa hayidiroliki, buleki fuluwidi ayi chonde, amadya ma silo, timaraba totsekera oyilo kuti asadonthe. Kuchotsa mpweya nkosavuta, ikani pampu pamwamba ramu pansi, popani ituluke yonse nkumasula valavu ibwerere, kangapo konse mpaka iyende mosalala. Kapulagi kolumikizira hozi ndi ramu kamangeni ndi dzanja mpaka kumapeto, kakakhala kosamanga bwino ramu imatuluka koma kubwerera imakana. Ndipo fumbi ndi mdani wake, zivindikiro zija musataye.

Pali zina seti iyi singachite ndipo wogulitsa sangakuuzeni. Imakankha basi, kukoka ayi, pokhapokha mugule ramu ina yokokera payokha. Malo amene kuseri kwake simungafikeko, ngati pansi pa chitseko pomwe timaponda pokwera, pamafunika kuwotcherera mawashala nkukoka ndi hamala yotsetsereka ija. Ndipo powotcherera musayerekeze kugwiritsa makina a ndodo awa opangira mageti ndi mawindo, amangobowola lata, itanani wa gasi kapena wa MIG (makina owotcherera ndi waya), batire muchotse kaye, ndipo muone mawaya odutsa mkati mwa pila. Pamene pali dzimbiri jeke imang'amba mmalo mowongola, pakona yapansi ya kebini yathu panali powola ndipo panafunika kudula nkuika chigamba. Fila, phala lomata pa lata musanapente, ndi yongosalaza, ikapitirira 3 mm kapena kuposerapo pang'ono dziwani kuti kuwongola sikunathe, ndipo mmisewu yathu yafumbi yokhala ndi timabampu ija fila yokhuthala imasweka chaka chisanathe.

Pomwe ndikukanizani ndi apa: ngati chesisi yapindika, kapena pila yakumbuyo pomwe pamangidwa lamba wapampando yang'ambika, kapena galimoto inagubuduzika denga nkuphwatalala, imeneyo si ntchito ya pansi pa mtengo wa mango. Pitani kwa odziwa, kapena sakani kebini ina yathunthu, nthawi zina imatchipa kuposa kuwongola. Zongofuna kuti ioneke bwino pokatenga COF (chiphaso choti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu) pomwe mkati ndi mophwanyika mudzapweteka nazo anthu. Magalimoto atsopanowa nawonso ndi nkhani ina, zitsulo zake zammapila ndi zolimbitsidwa mwapadera ndipo pali ma eyabagi, si zoyesera pakhomo.

Pa nyenyezi zisanu ndiipatsa zitatu ndi theka. Kwa munthu wa galimoto imodzi ndi bwino kusonkherana ndi anzanu awiri atatu, chifukwa ntchito ikatha imangokhala mu sitolo, yanga panopa ili kwa mlamu wanga akukankhira geti ya kumbuyo ya Canter. Ngati mukukagula, auzeni atsegule bokosi pomwepo, mulumikize hozi, mupope ramu ikankhe chinthu cholimba ndipo muisiye mphindi zingapo muone ngati ikubwerera yokha kapena kudontha pa valavu. Muwerengenso mapaipi ndi timapini take musanalipire, ndipo risiti mutenge.