Chifukwa chomwe ndimatulutsira .tar.xz osati .tar.zst

Anzanga amene timalemba nawo mapulogalamu a open source andifunsa kangapo kuti bwanji ndikukakamira xz pomwe ena onse akuthamangira ku zstd, zonse ziwiri njira zopanikizira mafayilo kuti achepe. Ndiyankhe kamodzi pano.

Za gzip sindichulukitsa gaga. Yakhalapo kuyambira 1992, ndipo palibe kompyuta ya Linux yomwe ingakane kuitsegula, kungoti fayilo yake imakula. Nayo bzip2 nthawi yake inatha, kernel.org, tsamba lotulutsa kernel ya Linux, inasiya kutulutsa .bz2 mu 2013. Zip ndimaisungira anthu a Windows basi.

Zstd ndinaikonda poyamba, ndipo liwiro lake si bodza. Pamene Arch Linux, mtundu wina wa Linux, inachoka ku xz n'kusamukira ku zstd kumapeto kwa 2019, mapaketi anakula ndi 0.8 peresenti yokha, koma kuwamasula kunafulumira kuposa kakhumi. Nditaona zimenezo ndinamanga mafayilo a pulogalamu yathu pamodzi ndi tar, n'kuidutsitsa mu zstd ndi --long=31 kuti fayilo ichepe kwambiri. Pa kompyuta yanga zonse zinaoneka bwino, ndinaikweza.

M'mawa mwake mauthenga anayamba kugwa. Mnzathu wina anali atagula bandulo ya usiku, n'kudikira mpaka pakati pa usiku kuti fayiloyo itsike, koma laputopu yake inali ndi Ubuntu 18.04, yomwe tar yake sidziwa --zstd, chifukwa mbali imeneyi inalowa mu GNU tar 1.31. Anaika zstd payokha, nayonso inakana. Chimene sindinkadziwa n'chakuti zstd simasula fayilo yomwe zenera lake (kukula kwa deta yomwe imasunga mu memory pogwira ntchito) lapitirira 128 MB pokhapokha womasulayo nayenso alembe --long=31 kapena --memory, ndipo zenera la 31 limafuna mpaka 2 GB ya memory. Laputopu yake yonse inali ndi 2 GB. Mtengo wa kuchenjera kwanga anaulipira iyeyo, ndi ndalama ya bandulo komanso tulo take, ndipo mpaka lero zimandipweteka.

Xz imachedwa popanikiza, sindikana. Pa -9, mlingo wopanikiza kwambiri, imadya memory pafupifupi 674 MB, koma ntchito imeneyo ndimaichita ine, kamodzi, pa kompyuta yanga, ndipo ndi -T0 imagwiritsa ntchito ma core onse. Womasula amangofunika 65 MB, ndipo tar yakale imaitsegula ndi xf mosavuta. Kwa munthu amene amawerengera MB iliyonse asanadine batani, fayilo yaing'ono yotseguka ulendo woyamba ndiyo yofunika.

Ena amandikumbutsa za March 2024, pamene katswiri wa mapulogalamu Andres Freund anapeza khomo lachinsinsi lomwe linabisidwa mu xz 5.6.0 ndi 5.6.1. Nkhaniyo inandiopsa ndithu. Koma chiwembucho chinali mu pulogalamu ya xz, osati mu mtundu wa fayilo ya .xz, ndipo mbali yake ina inabisala m'mafayilo otulutsidwa omwe sankafanana ndi zomwe zinali mu git, mosungira code ya pulogalamuyo. Kuchokera nthawi imeneyo ndimapanga fayilo yathu ndi git archive, yomwe imatenga zomwe zili mu git momwemo, ndimaika SHA-256 (nambala yotsimikizira kuti fayilo sinasinthidwe) pambali pake, ndipo ndimasaina.

Zstd ndimaigwiritsabe ntchito pa maseva athu, kumene ndimadziwa makina onse omwe adzamasule. Zopita kwa anthu ndimatulutsa ziwiri: .tar.xz, ndi .tar.gz pambali pake kwa amene kompyuta yawo yakalamba kwambiri.