Mzinda waukulu, mzinda wachiwiri kapena tauni ya m'mphepete: kotchipa n'kuti?

Munthu akalandira makalata awiri a ntchito, ina mumzinda waukulu, ina mumzinda wocheperako, maso amathamangira pa malipiro. Amene anapsapo kale amathamangira pa lendi. Onsewa akuwerenga theka la nkhani. Ine ndasamukapo kangapo chifukwa cha ntchito, ndipo ndinazindikira mochedwa kuti mzinda wotchipa ndi umene umakusiyira kangachepe m'thumba ukalipira nyumba ndi mayendedwe, komanso umene ungapezemo ntchito ina yoyambayo ikatha.

Muyezo umene ambiri amautchula ndi woti lendi isapitirire 30 peresenti ya ndalama zomwe mumapeza. Unachokera ku America. Mu 1969 lamulo linati okhala m'nyumba za boma asamalipire kupitirira 25 peresenti, ndipo mu 1981 anakweza kufika pa 30. Kuipa kwake n'koti suwerengera za ulendo wa kuntchito. Bungwe lina la ku Chicago, Center for Neighborhood Technology, limaphatikiza nyumba ndi mayendedwe n'kuika malire pa 45 peresenti. Ndimagwiritsa ntchito muyezo wachiwiriwu, chifukwa nyumba yotchipa yomwe ili kutali imabweza ndalama zija kwa mwinibasi.

Tiyambe ndi mzinda waukulu. Kumeneko malipiro amakhaladi okwera, moti ku London mabwana ambiri amawonjezera ndalama yapadera yotchedwa London weighting chifukwa chakuti moyo ngodula. Koma walira mvula walira matope. Tingoyerekeza ndi manambala ongopeka: mumzinda waukulu mukulandira 100, lendi ikudya 45, mayendedwe 10, mwatsala ndi 45. Mumzinda wocheperako mukulandira 80, lendi 22, mayendedwe 6, mwatsala ndi 52. Pa kalata ya ntchito woyambayo ndi bwana, koma pakutha pa mwezi wachiwiriyo ndi amene akugona tulo.

Ngakhale zili choncho sindiunyoza mzinda waukulu, chifukwa uli ndi chinthu chomwe sichioneka pa masamu a mwezi umodzi. Olemba ntchito alipo ambiri. Kampani ikakuchotsani, mumafunafuna ina muli m'nyumba yomweyo, ana ali pasukulu yomweyo. Ngati muli pabanja, mnzanuyo nayenso amapeza pogwira. Ndipo kwa wachinyamata wongoyamba kumene, yemwe angathe kugawana nyumba ndi anzake awiri kapena atatu, zaka zochepa za mumzinda wotere zimam'phunzitsa ntchito msanga n'kum'dziwitsa kwa anthu amene adzam'kumbukire mawa. Komanso kukula kwa mzinda pakokha si kumene kumakweza lendi. Tokyo ndi chimzinda choposa London ndi New York, koma nyumba zake n'zotchipirapo poyerekeza ndi kumeneko, makamaka chifukwa malamulo ake amalola kumanga nyumba zambiri chaka ndi chaka. Choncho funso labwino ndi loti, kodi mumzindamo akumanga?

Mzinda wachiwiri ndi umene ine ndimaukonda, ndipo sindibisa. Ndikunena mizinda ngati Manchester, Lyon, Osaka kapena Durban: si malikulu a chuma cha maiko awo, koma ili ndi mayunivesite, zipatala zazikulu, mafakitale ndi makampani a mitundumitundu. Lendi imatsika kwambiri kuposa mmene malipiro amatsikira, ndipo phindu lagona pamenepo. Nyumba yapafupi ndi kuntchito imapezeka, ena amayenda wapansi kapena pa njinga. Munthu wa ana, wofuna zipinda ziwiri kapena zitatu, ndi amene amapindula kwambiri.

Koma pali msampha umene wagwira ambiri. Mizinda ina ndi yotchipa chifukwa anthu akuithawa. Detroit, mzinda wa ku America, inadalira mafakitale a magalimoto, ndipo mu 1950 inali ndi anthu pafupifupi 1.85 miliyoni. Mafakitale atayamba kutseka ndi kusamuka, anthu anatsika kufika pafupifupi 639,000 mu 2020, ndipo mu 2013 mzindawo unalengeza kuti walephera kubweza ngongole zake. Nyumba zinatchipa zedi, koma wogula anali kugula malo opanda ntchito. Matauni a migodi nawo amatero: mtengo wa mwala ukagwa pamsika wa dziko lonse, mgodi umachotsa anthu, sitolo zimatseka, ndipo nyumba yomwe munagula simungaigulitsenso. Ndiye musanavomere ntchito mumzinda wocheperako, tengani pepala mulembe mayina a malo ena omwe angalembe munthu wa luso lanu. Mayina akapanda kufika asanu, dziwani kuti mukusamukira kwa bwana mmodzi, osati kumzinda. Bwana wotereyo amadziwa kuti mulibe kolowera, ndipo nkhani yokweza malipiro imavuta. China chokhumudwitsa n'choti maudindo akuluakulu kawirikawiri amakhala kulikulu la kampani, ndiye wofuna kukwera msanga adzafika poti denga lamugunda.

Njira yachitatu ndi ya ochenjera: kulandira malipiro a mzinda waukulu n'kumalipira lendi ya tauni ya m'mphepete. Imatheka ndithu. Pafupifupi theka la ogwira ntchito ku Luxembourg amagona ku France, Belgium ndi Germany. Ambiri ogwira ku Geneva, ku Switzerland, amakhala tsidya la malire, m'matauni a ku France ngati Annemasse. Mlatho wa Øresund wolumikiza Sweden ndi Denmark utatsegulidwa mu 2000, anthu anayamba kukhala ku Malmö ku Sweden n'kumagwira ntchito ku Copenhagen ku Denmark. Koma taonani chomwe malo onsewa ali nacho: sitima yoyenda pa nthawi yake. Pomwe palibe sitima yotere, nkhani imasintha.

Ndinayesapo njira imeneyi ndi basi. Lendi ndinaidula pakati, ndinkadzitama. Ulendo unali ola limodzi ndi theka kupita, ola limodzi ndi theka kubwerera, ndipo mvula ikagwa kapena ngozi ikachitika panjira zinkapitirira. Werengani nokha: maola 3 patsiku, masiku 22 pamwezi, ndi maola 66. Imeneyo ndi sabata imodzi ndi theka ya ntchito yosalipidwa mwezi uliwonse. Ndinkachoka kukadali mdima, kufika kutada, ana atagona. Kuphika kunandikanika, ndinayamba kugula zophikaphika, ndipo ndalama zomwe ndinapulumutsa pa lendi zinayamba kutuluka m'mabowo ena. Ndinapirira miyezi isanu ndi itatu, kenako ndinasamukira pafupi, m'kanyumba kakang'ono kodula. Katswiri wina wa ku Italy, Cesare Marchetti, analemba mu 1994 kuti kuyambira kalekale anthu amathera pafupifupi ola limodzi patsiku paulendo, kaya wapansi kaya pa galimoto. Thupi langa linagwirizana naye. Tauni ya m'mphepete imayenera munthu amene amapita kuofesi kawiri kapena katatu pasabata, masiku enawo akugwirira kunyumba pa intaneti, kapena amene ali pafupi ndi siteshoni. Funsaninso ngati abwana amathandiza pa mayendedwe. Ku France lamulo limawakakamiza kubweza theka la mtengo wa tikiti ya pamwezi ya basi kapena sitima, ndipo ku Japan makampani ambiri amalipira yonse.

Pali ndalama ina yomwe anthu amaiiwala poyerekeza mizinda, yolowera m'nyumba. Ku England lamulo la 2019 linaika malire a dipoziti pa lendi ya masabata asanu kwa nyumba zambiri, ku Germany ndi ya miyezi itatu. Ku Lagos eninyumba amakonda kufuna lendi ya chaka chonse pakamodzi, ndipo ku Accra ena amafuna ya zaka ziwiri ngakhale lamulo la Ghana la 1963 limalola miyezi isanu ndi umodzi yokha. Mzinda ungaoneke wotchipa pamwezi koma n'kukugwetserani m'ngongole musanalandire malipiro oyamba. Onjezerani pamenepo galimoto yonyamula katundu, ndi ulendo wokaona achibale, womwe umadula malinga ndi kutalika kwa kumene mwapita.

Ulendo wanga womaliza ndinachita mosiyana. Ndinasiya banja ndi katundu, n'kukachita lendi kachipinda kwa mwezi umodzi. Nyumba iliyonse yomwe inandisangalatsa sindinkaionera Loweruka masana, pomwe misewu ili pululu. Ndinkapitako Lolemba m'mamawa, n'kukwera basi kuchokera pamenepo mpaka kuntchito, wotchi ili m'manja. Nyumba ziwiri zokongola zinagwa pa mayeso amenewa. Yachitatu inali yakale, ya khitchini yopanikiza, koma ndinafika pakhomo la ofesi m'mphindi 25, ndipo ndinasaina tsiku lomwelo madzulo.