Tinaitana mphunzitsi wa nyimbo za Khirisimasi: mmene zinayendera kukwaya yathu ku Chilenje

Ndakhala ndikuimba alto m'kwaya ya mpingo wathu ku Chilenje kwa zaka zoposa 20. Chaka chilichonse mvula yoyamba ikangogwa timatulutsa mapepala omwe aja a nyimbo za Khirisimasi, ena odyeka ndi mphemvu m'mbali, n'kuyamba kubwereza. Chaka chathachi achinyamata anatiumiriza kuti tiitane mphunzitsi wa nyimbo, bambo wina wachikulire amene amayenda m'mipingo ya muno mu Lusaka kusula makwaya. Ine poyamba ndinakana. Nyimbo zoti tinayamba kuimba tili ku Sande sukulu, munthu atiphunzitsenso chiyani? Koma ambiri atavomera tinasonkherana ndalama, ndipo anabwera maulendo 5, Loweruka lililonse kuyambira pakati pa Novembala. Anzanga a makwaya a ku Kabwata ndi ku Matero akhala akundifunsa ngati ndalama yathu inagwira ntchito, choncho ndati ndiyankhe onse pamodzi.

Tsiku loyamba tinangoti titulutse mapepala, iwo anati tiwabwezere m'zikwama. "Amayi ndi abambo, tulutsani Baibulo." Theka la kwaya linalibe. Achinyamata anatsegula la pafoni, ife tinabwerekana awiriawiri. Lamulo lawo ndi lakuti nyimbo siimbidwa mpaka oimba atawerenga mokweza vesi limene inachokera. Tsikulo tinawerenga Salimo 98 yonse, pamene mitsinje iomba m'manja ndipo mapiri afuula mokondwera chifukwa Yehova akudza kudzaweruza dziko. Titamaliza anatifunsa kuti salimo limeneli ndi nyimbo iti ya pamapepala athu. Tinangoyang'anana. Inali Joy to the World, imene Isaac Watts anasindikiza mu 1719 polemba Masalimo mwa njira yoti Akhristu aziimba akuona Khristu m'menemo. Anatiuza kuti tifufuze m'nyimboyo khola, abusa a nkhosa, nyenyezi kapena Mariya. Mulibe ngakhale chimodzi. Zaka zonsezi ndinkaifuula osaona zimenezo.

Chimene chinandigwira mtima kwenikweni ndi ndime yachitatu ya nyimboyo, imene papepala lathu panalibe. Amene anatitayipira kalekale anaidumpha, ndipo aphunzitsiwo anati mabuku ambiri amaidumphanso. Ndimeyo imapempha kuti uchimo ndi chisoni zisamerenso, minga isadzazenso nthaka, pakuti Iye akudza kuti madalitso ake afike kulikonse kumene temberero linafika. Anatitsegulitsa Genesis 3:17-18, pamene Mulungu auza Adamu kuti nthaka yatembereredwa ndipo idzamumerera minga. Ine ndinakulira kumudzi ku Katete. Kwathu Disembala si mwezi wopuma, ndi mwezi wopalira. Pa 24 timakhala titawerama m'chimanga kuyambira tambala woyamba, udzu umene munazula sabata yatha utameranso ngati simunapiteko, minga ili m'mapazi. Ambuya anga ankatuluka m'munda ali matope okhaokha, kusamba, kuvala chitenje chatsopano n'kupita kutchalitchi. Mawu a ndime imeneyi akanawamva m'Chinyanja, sipakanafunika wowamasulira. Ndinauza aphunzitsiwo zimenezi, iwo anangoti, "Ndiye amayi, muziimba ngati munthu wodziwa khasu." Ndimeyo tinaibwezera pamalo pake.

Loweruka lachiwiri linali la Hark! The Herald Angels Sing. Chiyambi chake aliyense amachidziwa, ndi Luka 2:13-14, khamu lakumwamba likulemekeza Mulungu pamaso pa abusa. Koma apa panapezeka cholakwa chathu china. Papepala lathu panalembedwa Son of Righteousness, pamene Charles Wesley, amene analemba mawuwo mu 1739, ankanena za Sun, dzuwa. M'Chingerezi mawu awiriwa amamveka chimodzimodzi, ndiye palibe anazindikira. Aphunzitsi anatipititsa ku Malaki 4:2, chaputala chomaliza cha Chipangano Chakale, pamene alonjeza kuti kwa oopa dzina la Yehova dzuwa la chilungamo lidzatuluka lili ndi machiritso m'mapiko mwake. N'chifukwa chake nyimboyo imatchula mapiko ndi kuchiritsa. Ine ndinkaganiza kuti ndi mapiko a angelo. Dzina loti Kalonga wa Mtendere nalo anationetsa pa Yesaya 9:6. Anawonjezera kuti maimbidwe amene timagwiritsa ntchito si a Wesley. Anapeka Felix Mendelssohn mu 1840 pa chikondwerero chokumbukira makina osindikizira a Gutenberg, ndipo anadzawalumikiza ndi mawuwa pambuyo pake. Achinyamata anakonda nkhani imeneyo kuposa ine.

Mkangano unabuka pa We Three Kings. Anatiwerengetsa Mateyu 2:1-12 kawiri, kenaka anafunsa kuti alendowo anali angati. Bambo wina wa bass, amene wakhala akukonza sewero la ana kwa zaka zambiri, anayankha msanga kuti atatu. "Ndionetseni pamene palembedwa, bambo." Palibe. Mateyu amati anzeru a kum'mawa, satchula chiwerengero, sanena kuti anali mafumu, ndipo amati analowa m'nyumba, osati m'khola. Zitatu ndi mphatso: golide, lubani ndi mure. Bambo uja anakhumudwa zoonekeratu, anati ndiye ana tikhala tikuwanamiza? Apa ndi pamene ndinawalemekeza aphunzitsiwo, chifukwa sanamusiye ali wamanyazi. Anamupempha kuti iye mwini awerenge Salimo 72:10-11, za mafumu a ku Tarisi ndi ku Seba obwera ndi mphatso nagwada, ndiponso Yesaya 60:6, za ngamila ndi golide ndi lubani. Anati Akhristu akale anawerenga mavesi amenewa pamodzi ndi Mateyu, zisoti zachifumu n'kuchokera pamenepo, ndipo John Henry Hopkins polemba nyimboyo mu 1857 anangotsatira mwambo umene anaupeza. Anawalangiza kuti zisoti za makatoni azisunge, koma mwana mmodzi aziwerenga Salimo 72 mafumuwo asanalowe. Zinachitikadi choncho, ndipo mdzukulu wanga ndiye anawerenga.

Tsopano zimene sizinandikondweretse, chifukwa zilipo ndipo tinalipira.

Kawiri konse anafika mochedwa ndi ola lathunthu. Ndikudziwa mmene mabasi amavutira mvula ikagwa m'tauni muno, koma nafenso tinadutsa m'matope omwewo, ena kuchokera ku Chawama, ena atatseka malonda awo ku Kamwala masana a Loweruka pamene makasitomala amachuluka. Foni ali nayo, akanatha kutiuza.

Chachiwiri, amakonda kufotokoza kuposa kuimbitsa. Nthawi yambiri inapita ku mbiri ndi mavesi, moti mawu a alto ndi tenor tinawathamangira Loweruka lomaliza. Pa O Come, O Come, Emmanuel anatha pafupifupi ola akutionetsa mmene ndime iliyonse imatchulira Mesiya ndi dzina la m'Malemba: Imanueli wa pa Yesaya 7:14, mphukira ya Jese ya pa Yesaya 11, kiyi wa nyumba ya Davide wa pa Yesaya 22:22. Zinali zokoma, ndinazilemba zonse kuseri kwa pepala langa. Koma nyimboyo tinaiyesa kawiri kokha, ndipo tsiku lenileni ife a alto tinalowa mozengereza. Kwaya imene ilibe munthu wake wodziwa kugawa mawu isadalire kuti iwo adzakonza zonse.

Chachitatu ndi chimene chikundiwawabe. Nyimbo zathu za Khirisimasi za m'Chinyanja, zimene amayi achikulire amaimba osayang'ana buku, anazipatsa mphindi zochepa chabe kumapeto. Nditawafunsa anati, "Amayi, zimenezo mumazidziwa kale." Inde timazidziwa, koma Joy to the World nayonso tinkati timaidziwa. Mumpingo mwathu muli ambuya ambiri amene Chingerezi sachimva, ndipo chuma chonse chimene anatifukulira chinawadutsa, kupatula zimene owerenga mavesi anawerenga m'chilankhulo chathu. Ndikanakonda kuti nyimbo zathuzo azitsegulenso ndi Baibulo chimodzimodzi, vesi ndi vesi.

Ndondomeko ya usiku wa pa 24 anatikonzera ndi iwo, potsatira mwambo wa mawerengo 9 ndi nyimbo umene bishopu Edward White Benson anayambitsa ku Truro, m'dziko la England, mu 1880, umene unatchuka kwambiri kuchokera ku King's College ku Cambridge kuyambira 1918. Kuwerenga kumayambira pa Genesis 3, kugwa kwa munthu m'munda, kudutsa lonjezo la kwa Abrahamu ndi maulosi a Yesaya, kufika kwa Luka ndi Mateyu, n'kuthera pa Yohane 1, Mawu anasandulika thupi. Pakati pa mawerengo pamalowa nyimbo yogwirizana ndi zimene zawerengedwa. Abusa athu poyamba ankaopa kuti zitenga nthawi, koma zinatha mu ola limodzi ndi theka, ndipo palibe anatuluka.

Magetsi anazima tili pakati, kiyibodi n'kukhala chete. Mnyamata wathu wa gitala anangopitiriza, tinaimba Silent Night ndi matochi a mafoni. Aphunzitsi anali atatiuza kale kuti nyimboyi inaimbidwa koyamba ndi gitala pa 24 Disembala 1818 ku Oberndorf, m'dziko la Austria, mawu a Joseph Mohr ndi maimbidwe a Franz Xaver Gruber, choncho palibe amene anasokonezeka. Iwo sanabwere usikuwo, anali ndi kwaya ina, ndipo ndikanakonda akanatimva.

Kwa amene mwandifunsa: inde, aitaneni, ndalama yathu sinapite pachabe. Koma gwirizanani nawo zonse musanapereke ndalama. Muyambe mu Okutobala, osati Novembala monga ife. Muwauze kuti theka la nthawi likhale la kuimba, ndipo aliyense wa kwaya abwere ndi Baibulo lake ndi cholembera. Ife tawapempha kale kuti abwerenso chaka chino, ndipo pamsonkhano wa komiti ndinaima n'kunena kuti Loweruka loyamba ndi lachiwiri likhale la nyimbo za m'Chinyanja zokhazokha, ndi kuti tidzaitane ambuya onse a mumpingo adzakhale nafe pabenchi lakutsogolo. Mlembi analemba m'buku.