C2C kapena Way of the Roses: yoyambira ndi iti?

Ofuna kudutsa England pa njinga, kuchokera kunyanja ya kumadzulo kukafika ya kum'mawa, amakonda kutchula njira ziwiri: C2C (chidule cha "Sea to Sea", kutanthauza kuchokera kunyanja kukafika kunyanja) ndi Way of the Roses. Ambiri amathamangira C2C poona kuti ndi yaifupi, makilomita pafupifupi 225 kuchokera ku Whitehaven mpaka Sunderland, pomwe inzakeyo ndi 273 kuchokera ku Morecambe mpaka Bridlington. Kufupikako kusakupusitseni.

C2C, imene bungwe la Sustrans lidatsegula mu 1994, ndi ya mapiri. Musanafike n'komwe ku Keswick mwakwera kale chitunda cha Whinlatter. Mukapitirira Penrith mukumana ndi chitunda cha Hartside, pa mamita 580 pamwamba pa nyanja, kenako midzi ya Garrigill ndi Nenthead, ndi chitunda cha Black Hill pa mamita 609. Zitunda za ku North Pennines zimangotsatizana, ichi chikatha china chayamba. Kumtundako mitengo yobisalira mvula ndi yosowa, midzi ndi yotalikirana, ndipo ngakhale mu Julayi mphepo imatha kukulowani m'mafupa. Koma kukongola kwake, abale! Ndipo mukafika pa Waskerley Way, pomwe kale padali njanji, njinga imangodziyendera kulowera ku Consett, thukuta lonse lija muiwala.

Way of the Roses idatsegulidwa mu 2010, dzinalo likuchokera ku duwa lofiira la Lancaster ndi loyera la York. Nayonso si yopalasa mukuyimba nyimbo ayi. Potuluka m'tauni ya Settle pali chitunda chimene ambiri amatsika n'kuyamba kukankha, ndipo palibe chochititsa manyazi pamenepo. Pamene ndikuchenjezeni kwambiri ndi pa Greenhow Hill, potsetserekera ku Pateley Bridge: msewuwo ndi wokhotakhota, ndipo okwera njinga ena adataya miyoyo pamenepo. Onani mabuleki musananyamuke, makamaka ngati mwamangirira katundu kumbuyo. Mukadutsa Ripon zowawa zatha. Kukafika ku York ndi chigwa chokhachokha, ndipo timapiri ta Yorkshire Wolds ndi tofatsa.

Kwa amene akuyamba kumene, ine ndikuti Way of the Roses. Mavuto ake ali koyambirira, miyendo ikadali ndi mphamvu, ndipo matauni ali pafupipafupi moti chakudya, pogona ndi wokonza njinga simuvutika kupeza. C2C isungireni chaka chinacho, mutadziwa mmene thupi lanu limachitira pa tsiku lachitatu.

Iliyonse imene mwasankha, yambirani kumadzulo, chifukwa mphepo ya ku England nthawi zambiri imaomba kuchokera kumeneko ndipo izikukankhani kumsana. Za sitima yobwerera konzeranitu: masitima ambiri a maulendo ataliatali amanyamula njinga zochepa chabe, ndipo malo ake muyenera kusungitsiratu pogula tikiti.