Windows 10 yatha sapoti, nanga Ubuntu ndi Apple makina akale amawasamala bwanji?

Anthu a ma laputopu a kaunjika aja, ma ThinkPad, ma Latitude, ma EliteBook, akhala akundifunsa funso limodzimodzi: akulu, kompyuta ikulemba kuti Windows 10 yatha sapoti, ndiye iziyakabe? Iziyaka, mtima m'malo, Word itseguka, nyimbo zanu zilipo. Chimene chinatha pa 14 October 2025 ndi zigamba, ma update aja amene Microsoft imatumiza mwezi ndi mwezi kumata mabowo amene akuba a pa intaneti apeza. Bowo likapezeka mawa palibe wodzamata, basi nkhani yake ndi imeneyo. Ndiye ndati tiwaike pamodzi atatuwa, Microsoft, Canonical ya Ubuntu (sisitimu ya mtundu wa Linux imene mungaike m'malo mwa Windows) ndi Apple, tione amachita bwanji chinthu chawo chikakalamba.

Microsoft pa nkhani yonena tsiku ilibe chinyengo, apa ndiwayamikire. Windows 10 inatuluka July 2015 ndipo tsiku lothera analengeza kalekale, monga anachitira ndi XP imene inatha April 2014 ndi Windows 7 imene inatha January 2020. Zaka khumi si zochepa. Pamene pandinyansa ine ndi pakhomo lolowera Windows 11. Akufuna TPM 2.0, kachipu ka chitetezo ka m'kati mwa kompyuta, ndipo purosesa ikhale Intel 8th gen (m'badwo wa nambala 8) kupita m'tsogolo kapena Ryzen 2000 kupita m'tsogolo, ndiye i5 ya 7th gen ya mu 2017 yokhala ndi SSD ndi RAM ya 8GB, imene ikuthamanga bwinobwino popanda chodandaula, akuikaniza, osati chifukwa yafooka koma poti siili pa mndandanda wawo. Ndipo makina a 6th ndi 7th gen amenewa ndi amene mumawaona mbwee m'mashopu a second hand kwathu kuno.

Anaikapo kanjira kothawira kotchedwa ESU, kogula nthawi. Munthu wamba amalipira madola 30, kapena ma points 1,000 a Microsoft Rewards, kapena ulere ngati wavomera kusunga ma settings ake pa akaunti ya Microsoft, ndipo zigamba zimabwerabe mpaka 13 October 2026. Windows 10 yake ikhale version yomaliza ija, 22H2, ndipo akaunti ya Microsoft ndi yofunika zivute zitani. Za Windows ya crack sindikambapo, mukudziwa nokha. Njira yaulereyo ndiye yotithandiza ifeyo chifukwa madola 30 angaoneke ochepa koma kulipira ndi khadi pa intaneti ndi mmene forex ilili ndi nkhani ina. Makampani ndiye amawakama zenizeni, madola 61 pa kompyuta imodzi chaka choyamba, 122 chachiwiri, 244 chachitatu, ndipo ukalowa mochedwa umalipira ndi za m'mbuyo zomwe, tangowerengerani ofesi ya makompyuta 20. Komanso musaiwale kuti Office 2016 ndi Office 2019 nazo zinatha tsiku lomwelo la 14 October, anthu akungoyang'ana Windows pamene Excel yawo nayo yasiyidwa.

Ena akukakamiza Windows 11 pa makina okanidwa pogwiritsa ntchito Rufus, kapulogalamu kokonzera flash yoikira Windows, ndipo shuwa imalowa, imagwira. Koma Microsoft inanena poyera kuti makina otere sikuwalonjeza ma update, komanso version iliyonse ya Windows 11 Home ndi Pro imakhala ndi miyezi 24 yokha, ndiye ikakwana nthawi yosamukira ku version yatsopano kawirikawiri siibwera yokha, muyenera kubwerezanso matsenga aja ndi flash. Ngati mumakonda kukonzakonza zinthu nokha palibe vuto, koma kuwaikira mayi anu kumudzi nkuwasiya choncho ayi.

Ubuntu ndiye yosiyana kaganizidwe. Kampani yake Canonical, anayambitsa Mark Shuttleworth wa ku South Africa, ndipo dzina loti Ubuntu ndi umunthu womwewu timanena ife. Kalendala yawo ndi yosavuta kuloweza: mu April wa chaka chilichonse chogawika ndi 2 amatulutsa LTS, version ya sapoti ya nthawi yaitali, 22.04, 24.04, choncho, ndipo iliyonse imalandira zigamba zaka 5 ulere. 22.04 ifika 2027, 24.04 ifika 2029. Mukalembetsa Ubuntu Pro, sapoti yawo yoonjezera, zakazo zimakwana 10, ndipo kwa munthu wogwiritsa ntchito payekha ndi yaulere pa makina osapitirira 5. Zaka khumi zomwezija za Microsoft eti, koma kusiyana kuli apa: zikatha, laputopu yomweyo mumangoikweza ku LTS yotsatira, palibe wokufunsani za TPM kapena gen yanji. Makinawo ndiwo amatopa okha, osati kampani kukutopelani.

Misampha ilipo iwiri imene ndaona anthu akugwamo. Wina amangodawunilodi Ubuntu imene yatuluka kumene osaona ngati ndi LTS, pamene zapakati zija monga 24.10 zimakhala miyezi 9 yokha, chaka chisanathe wayamba kale kudabwa kuti ma update asiya. Wachiwiri ndi woti zaka 5 zaulere zija zimaphimba mapulogalamu a m'gulu limene amalitcha main, enawo a universe chitetezo chodalirika chimabwera ndi Pro, ndiye poti ndi yaulere ingolembetsani. Amene mukuchokera ku Windows mwina Linux Mint, mphukira ya Ubuntu, ikukomerani kuposa Ubuntu yeniyeni chifukwa maonekedwe ake ali ngati Windows 7, menyu pansi kumanzere, ndipo Mint 22 yamangidwa pa 24.04 ndiye nayo ifika 2029.

Koma ndisakunamizeni kuti ndi zaulere zokhazokha, mtengo wake umalipira ndi mapulogalamu. Chrome, Firefox, Zoom, VLC, WhatsApp ya pa browser zonse zili bho. Word ndi Excel za pa desktop palibe, pali LibreOffice imene kalata ndi assignment imalemba bwino koma file ya Excel yodzadza ma macro a ku accounts ikhoza kusokonekera. Photoshop, CorelDRAW, AutoCAD iwalani. Ndiye mnyamata wa pa stationery amene amadya za ma poster ndi makhadi a ukwati pa CorelDRAW, kumuuza kuti apite ku Linux ndi kumulanda nsima pakamwa, ameneyo atenge ESU uku akusonkha za makina a 8th gen.

Apple sinditaya nayo nthawi yambiri chifukwa palibe tsiku limene amalemba. Anthu anangozindikira okha kuti macOS (sisitimu ya ma Mac) yatsopano ndi ziwiri za m'mbuyo mwake ndi zimene zimalandira zigamba, ndipo chaka chilichonse makina ena amagwa pa mndandanda mwakachetechete. MacBook Air ya 2017 inathera pa macOS Monterey, ndipo Monterey inalandira update yomaliza July 2024, kutanthauza kuti inasiyidwa kale laputopu ya Windows ya chaka chomwecho isanasiyidwe, pamene mtengo wake pa kaunjika umakhala wokwera poti pali ka apulo kumbuyo. Ananenanso kuti macOS Tahoe 26 ndi yomaliza kwa ma Mac a Intel. Wina akakutsatsani Mac ya Intel lero mufunseni imafika pa macOS iti musanafunse za batire.

Pali china chimene timachita tokha chimene chimapangitsa mkangano wonsewu kukhala wopanda pake, kuzimitsa ma update poopa bandulo. Ndikumvetsa, update imodzi ikhoza kudya bandulo ya sabata mutagona. Koma vairasi ija ya WannaCry ya May 2017, imene inaimitsa ntchito m'zipatala za NHS ku Britain, chigamba chake Microsoft inali itatulutsa kale mu March, ambiri amene anagwidwa anali pa Windows 7 imene inali ndi sapoti koma osaika update. Zinafika poipa mpaka Microsoft inatulutsa chigamba cha XP imene inali itatha zaka zitatu m'mbuyomo. Apa Mint ili ndi kaubwino kena, imakuonetsani kukula kwa update ndipo mumasankha nokha nthawi, ndiye mutha kudikira bandulo ya usiku kapena WiFi ya kuntchito.

Yanga ya 6th gen ndinaika Mint ndipo ndikulemba izi pomwepo. Amene muli pa 8th gen kupita m'tsogolo kwezani ku Windows 11, ndi ulere ngati Windows 10 yanu ndi yeniyeni. Otsalanu, musanafufute kalikonse ikani Mint pa flash ya 8GB, yatsani kompyuta kuchokera pa flash pomwepo osapanga install, yesani WiFi, mawu, kamera ndi printer yanu, makamaka printer, chifukwa yanga inanditengera madzulo onse kuti ivomere.